Lupus itafika pa diso ndi mu msana: masiku amene ndinataya podikira

Ndinali nditakhala ndi lupus zaka zinayi ndisanamvepo kuti matendawa amatha kugwira mtsempha wa diso ndi mtsempha waukulu wa mu msana. Za impso ndinkazidziwa, chifukwa pakapita miyezi itatu iliyonse ankandiyeza mkodzo. Ndinkadziwa zopewa dzuwa, totupa toyala m'masaya ndi pamphuno ngati gulugufe, zala zouma m'mawa, tsitsi lotsalira m'chipeso. Koma zoti tsiku lina chikhodzodzo chingadzaze mkodzo n'kukana kutuluka, miyendo n'kukhala ngati ya munthu wina, palibe anali atanditsinapo khutu. Ndikulemba kuti mnzanga wa lupus, kapena amene akudwazika wodwala lupus, asataye masiku amene ine ndinataya.

Lupus imamuphunzitsa munthu kupirira. Chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake ndi kulimbana ndi tizilombo, chimatembenukira mwini wake, ndipo chimatero mosinthasintha: sabata ino mawondo, sabata yamawa zilonda m'kamwa, kenako kutopa kosadziwika mutu wake. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 ndi akazi, ambiri a ife timayamba tili pakati pa zaka 15 ndi 45, nthawi imene tili ndi ana aang'ono komanso ntchito yoti tiisunge. Ndiye umazolowera kunena kuti "ndi lupus yomweyi, zidutsa." Nthawi zambiri zimadutsadi. Chizolowezi chimenechi ndi chimene chinandipweteketsa, chifukwa kutupa kwa mtsempha wa diso ndi wa mu msana sikudikira munthu.

Zinayamba ndi chidikhwidikhwi. Masiku khumi ndi awiri, usana ndi usiku, pamodzi ndi mseru ndi kusanza chilichonse chimene ndadya. Anandipatsa mankhwala a zilonda za m'mimba, ena oletsa kusanza, ndipo zitasiya zokha tonse tinaiwala. Patapita nthawi yaitali m'pamene dokotala wa ubongo ndi mitsempha anandifunsa funso lomwe linandidabwitsa: "Mayi, munayamba mwagwidwapo ndi chidikhwidikhwi chosatha kapena kusanza kopanda chifukwa?" Kumunsi kwa ubongo, pamene umalumikizana ndi msana, kuli kamalo kotchedwa area postrema komwe kamayang'anira zosanza. Kakatupa, munthu amasanza mpaka kufooka pomwe m'mimba mulibe vuto. Chimenecho chinali chizindikiro changa choyamba, ndipo chinadutsa popanda wochizindikira.

Patatha miyezi isanu linabwera diso. Ndinadzuka Lachiwiri lina diso lakumanzere likuwawa kumbuyo kwake, osati kuyabwa kapena kufiira ayi, koma kupweteka ngati wina akulikoka ndi ulusi ndikayang'ana kumbali. Lachitatu ndikutsuka mbale ndinatenga kapu yofiira ya mwana wanga, ndipo sindikudziwa chinandichititsa n'chiyani, ndinatseka diso lakumanja ndi dzanja. Kapu ija inasanduka yotuwa, ngati nsalu yofiira yomwe yachapidwa zaka zambiri n'kusuluka. Ndikatsegula diso linalo, kufiira kumabwerera. Ndinachita zimenezi kangapo nditaima pomwepo, madzi akudontha m'zigongono. Lachisanu pakati pa diso panali chifunga, nkhope ya munthu ndinkaona makutu ndi tsitsi koma mphuno ndi pakamwa ayi.

Apa ndinalakwitsa kawiri. Ndinadikira masiku asanu, komanso ndinasiya ndekha kumwa hydroxychloroquine, mankhwala anga a lupus, chifukwa ndinamvapo kuti amawononga maso. N'zoona kuti mankhwalawa akhoza kuwononga kansalu ka kumbuyo kwa diso, n'chifukwa chake wowamwa zaka zisanu kapena kuposerapo amayenera kupimitsa maso chaka chilichonse. Koma kuwonongeka kumeneko kumabwera pang'onopang'ono, kwa zaka, ndipo sikupweteka. Diso limodzi lopweteka ukalitembenuza, mitundu n'kusuluka m'masiku ochepa, limeneli ndi vuto lina, la mtsempha womwe umatenga zimene diso laona kupita nazo ku ubongo. Madokotala amati optic neuritis. Posiya mankhwala aja ndinangochotsa chimene chinkaigwira lupus yanga.

Dokotala wa maso anazimitsa magetsi m'chipinda n'kumawalitsa katochi diso ili, kenako ilo, mobwerezabwereza. Anandiuza kuti mwana wa diso lakumanzere m'malo mochepa kuwala kukamufika, ankakula. Atasuzumira m'kati mwa diso anapeza zonse zikuoneka bwino, ndipo anati zimatero kawirikawiri chifukwa kutupako kumakhala kumbuyo kosaoneka. "Mwakhala masiku angati chonchi, mayi?" Nditati asanu, sanandikalipire. Anangoti, "Tiyambe lero lomwe." Anandiika dripi ya methylprednisolone, mankhwala a steroid ochepetsa kutupa, mamiligalamu 1000 tsiku lililonse kwa masiku atatu, kenako mapiritsi. Ululu unatha msanga. Kuona kunabwerako pang'ono chabe. Pa faelo panga panalembedwa kuti lupus yagwira mtsempha wa diso, zomwe zimachitikira pafupifupi wodwala m'modzi mwa 100, ndipo nkhani inathera pomwepo. Magazi ofufuza chifukwa china sanatengedwe.

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa.

Tsiku limenelo ndinayamba kumva kuwawa pakati pa mapewa, kotentha, kosiyana ndi kuwawa kwa msana wotopa. Madzulo kunsi kwa mapazi kunachita dzanzi, ngati ndavala masokosi okhuthala. Ndikaweramitsa mutu, china chake chonga magetsi chinkatsika msana wonse mpaka kumiyendo. Ndipo kuzungulira chifuwa, m'munsi mwa mabere, ndinkamva ngati andimanga lamba wothina. Kawiri konse ndinapisa dzanja m'kati mwa malaya kufuna kumasula chinthu chomwe panalibe. Usiku ndinapita kuchimbudzi kanayi. Ndinkamva kuti mkodzo wadzaza, mimba yaumbika ngati mpira, koma ngakhale dontho silinatuluke. Ndinatsegula mpopi kuti phokoso la madzi lindithandize, ndinadzithira madzi ofunda, osatheka.

M'mawa amuna anga ananditengera kuchipatala chaching'ono chapafupi. Anandiika katheta, mkodzo unatuluka woposa lita imodzi, ndipo mpumulo umene ndinaumva unandipusitsa. Anati mwina ndi tizilombo m'chikhodzodzo, anandipatsa maantibayotiki n'kundibweza kunyumba. Ndinatchula za dzanzi, koma ndinazitchula mopepuka, ngati mmene ndinazolowera kutchulira zowawa zanga zonse. Palibe amene anandigogoda mawondo kapena kundiuza kuti ndiyende aone. Ine sindinaumirire. Nkhani ya diso sindinaitchule n'komwe, sindinkaona kuti ikugwirizana bwanji ndi mkodzo.

Usiku wotsatira ndinafuna kutembenuka pabedi, mwendo wakumanja unakana. Ndinauuza kuti usunthe, uli phee. Ndinadzutsa amuna anga n'kuwauza kuti, "Tandigwirani phazi." Iwo anati, "Ndaligwira kale, simukumva?" Mawu amenewo sindidzawaiwala.

Kuchipatala chachikulu dokotala wachitsikana anatenga kasingano n'kuyamba kundibaya pang'onopang'ono kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba. Pa katumba, zii. Pa ntchafu, zii. Pa mchombo, zii. Atafika m'munsi mwa mabere, pomwe panali lamba uja, ndinadzidzimuka. Analemba mzere ndi cholembera pakhungu langa n'kuuza mnzake kuti vuto lili mu msana, m'dera la chifuwa, ndipo MRI, kujambula m'kati mwa thupi ndi makina, ikufunika tsiku lomwelo. Mzere umenewo ndi umene unasintha mmene aliyense ankandionera. Kuyeza kwa mphindi ziwiri, kosafuna makina, komwe kukanatheka dzulo lake.

Mu makina a MRI ndinagona pafupifupi ola, akugogoda ngati akukhoma malata pamutu panga. Pa chithunzi anandionetsa mtsempha wa mu msana, womwe mwa munthu wamkulu ndi wotalika masentimita pafupifupi 45 ndipo kunenepa kwake ndi ngati chala chaching'ono. Pakati pake panali mzere woyera wautali, wodutsa mafupa asanu ndi limodzi a msana. Kutupa kotere amati transverse myelitis, ndipo kumagwira odwala lupus m'modzi kapena awiri mwa 100. Kukadutsa mafupa atatu kapena kuposerapo, madokotala amayenera kuganizira matenda enanso. Anandichotsa madzi a mu msana ndi singano kuti atsimikize kuti si TB, si tizilombo tina, chifukwa munthu amene amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo akhoza kufa miyendo ndi matenda opatsirana, ndipo chithandizo chake n'chosiyana kotheratu. Anayezanso HIV, chindoko ndi vitamini B12, kuphatikizapo magazi a lupus omwe ndinkawadziwa kale: anti-dsDNA, C3 ndi C4, ndi ma antiphospholipid omwe amaundanitsa magazi mpaka kutseka timitsempha todyetsa msana.

Dokotala wa ubongo ndi mitsempha anabwera madzulo. Anali woyamba kukhala pansi n'kundifunsa mbiri yonse kuchokera pachiyambi. Atamva za diso anasiya kulemba n'kundiyang'ana. Atamva za chidikhwidikhwi anagwedeza mutu. Anauza namwino kuti atenge magazi a aquaporin-4 nthawi yomweyo, chithandizo champhamvu chisanapite patali, chifukwa akatsuka magazi zotsatira zikhoza kunama kuti mulibe kanthu.

Ndifotokoze mmene anandifotokozera, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Mu 1894 dokotala wa ku Lyon ku France, Eugène Devic, analemba za matenda ogwira mitsempha ya maso ndi msana pamodzi. Kwa zaka zoposa 100 ambiri ankawatenga ngati mtundu wa matenda ena a mitsempha otchedwa multiple sclerosis. Mu 2004 Vanda Lennon ndi anzake a pa chipatala cha Mayo Clinic ku America anapeza m'magazi a odwalawa asilikali a thupi a mtundu wapadera, ndipo chaka chotsatira zinadziwika kuti asilikaliwo amaukira aquaporin-4, kapuloteni kolowetsa ndi kutulutsa madzi m'maselo ochirikiza mitsempha. Kapuloteni kameneka kamachuluka mu mtsempha wa diso, mu msana, ndi pa kamalo ka zosanza kaja. Malo atatu omwewo amene anandigwira, motsatana. Matendawa masiku ano amatchedwa neuromyelitis optica spectrum disorder, mwachidule NMOSD, ndipo amakonda kupezeka mwa anthu omwe ali kale ndi matenda ena a chitetezo monga lupus kapena Sjögren. Si aliyense wa lupus wotupa msana amene ali nawo. Ena ndi lupus yeniyeniyo, ena ndi magazi oundana. Koma popanda kuyeza sungadziwe, ndipo ine zotsatira zinabwera zosonyeza kuti ndili nawo. Ndili ndi matenda awiri, osati amodzi.

Kusiyanitsaku si nkhani ya maina chabe. NMOSD ikapanda kutetezedwa imabwereranso mwa odwala ambiri, ndipo ulendo uliwonse imasiya chilema chomwe chimaunjikana pa cham'mbuyo. Komanso mankhwala ena a multiple sclerosis, monga interferon beta, natalizumab ndi fingolimod, amatha kuikulitsa. Magazi aja akanayezedwa nthawi ya diso, ndikanayamba mankhwala oteteza miyezi isanu ndi itatu msana usanagwidwe. Ganizo limeneli linandisowetsa tulo kwa nthawi yaitali, ndipo mpaka lero limabwera.

Pali chinanso chomwe ndinachiwerenga pambuyo pake chomwe ndikufuna anzanga a lupus achidziwe ngakhale alibe NMOSD. Madokotala a pa yunivesite ya Johns Hopkins ku America analemba mu 2009 kuti kutupa msana kwa lupus kuli mitundu iwiri. Mtundu umodzi umabwera mwaliwiro, miyendo n'kulefuka m'maola ochepa, ndipo nthawi zambiri miyendoyo sibwereranso mwakale. Umakonda kuyamba ndi kutentha thupi ndi kukanika kukodza, zomwe anthu amaziyesa tizilombo ta m'chikhodzodzo. Choncho wodwala lupus amene mkodzo wakana kutuluka asalole kungoikidwa katheta n'kubwezedwa asanayezedwe miyendo.

Methylprednisolone ulendo uno anandipatsa masiku asanu. Miyendo sinasunthe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anati ayambe kutsuka magazi, chimene amati plasma exchange. Anandiika chubu chachikulu mu mtsempha wa magazi wa pakhosi, makina n'kumakoka magazi, kuchotsamo madzi ake achikasu momwe mumakhala asilikali owononga aja, n'kubweza magaziwo ndi madzi ena. Ulendo uliwonse unkatenga maola awiri kapena atatu, tsiku lina kupuma, kasanu konse. Ndinkazizidwa mpaka mano kugundana, milomo inkachita dzanzi, ndipo namwino ankawonjezera kashiamu. Thumba la madzi achikasu lija linkalendewera pambali pa bedi, ine n'kumaliyang'ana likudzaza. Utatha ulendo wachitatu, achemwali anga omwe ankandidwazika akundipukuta mapazi anakuwa, "Tachitanso! Tachitanso, mng'ono wanga!" Chala chachikulu cha phazi lakumanzere chinali chitagwedezeka. Tinalira tonse awiri.

Kenako anayamba rituximab, mankhwala oteteza kuti matendawo asabwerenso, dripi ziwiri motalikirana masabata awiri, ndipo tsopano ndimalandira pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Asanayambe anandiyeza hepatitis B ndi TB chifukwa mankhwalawa akhoza kudzutsa matenda ogona. Ena amapatsidwa mycophenolate kapena azathioprine, ndipo amene kutupa kwawo kwachokera ku lupus yeniyeniyo nthawi zambiri amalandira cyclophosphamide. Palinso mankhwala atsopano ovomerezedwa pa NMOSD ku America, eculizumab mu 2019, inebilizumab ndi satralizumab mu 2020, koma ndi odula kwambiri ndipo sapezeka paliponse. Mayi amene akufunabe kubereka afunse asanayambe, osachita manyazi: mycophenolate amawononga mwana m'mimba, cyclophosphamide akhoza kuwononga mazira. Hydroxychloroquine ndinayambiranso ndipo sindinasiyenso.

Za mafizo ndingonena kuti zinatenga miyezi, ndipo tsiku loyamba kukhala tsonga m'mphepete mwa bedi ndinachita chizungulire mpaka kusanza. Kuchoka pa njinga ya olumala kupita pa chitsulo choyendera, kuchoka pamenepo kupita pa ndodo, panadutsa chaka. Chimene sindinauzidwe mokwanira ndi zinthu zimene anthu sakonda kuzitchula. Khungu lomwe silikumva limachita zilonda msanga, ndiye achemwali anga ankanditembenuza maola awiri aliwonse n'kumayang'ana m'matako ndi zidendene. Chimbudzi chinauma, mpaka ndinaphunzira kuchipatsa nthawi yake tsiku lililonse. Chikhodzodzo sichinabwerere mwakale; ndimadziika ndekha kachubu kangapo patsiku. Sabata yoyamba ndinkalira ndikamachita zimenezi, ndili ndi kagalasi pakati pa miyendo, manja akunjenjemera. Namwino wina wachikulire anandigwira paphewa nati, "Mwanangu, izi zikusungira impso zako, ndipo lupus yazivutitsa kale mokwanira." Lero zimanditengera mphindi zitatu.

Miyendo ikamachira kunabwera kukokana koopsa, mwendo kuuma ngati mtengo kwa masekondi makumi angapo, kambirimbiri patsiku, makamaka ndikafuna kudzuka. Ndinachita mantha kuti matenda abwerera. Dokotala anati kukokana kotere kumadziwika bwino pa NMOSD, ndipo carbamazepine pang'ono anakuthetsa m'masiku ochepa. Ndikanapirira mwakachetechete ngati kale, ndikanavutika pachabe. Kutentha kwa kumapazi kulipobe, gabapentin amakuchepetsa koma sakuchotsa. Ndikasamba madzi otentha kwambiri, kapena thupi likatentha ndi chimfine, diso lija limachita chifunga ndipo miyendo imalemera; thupi likazizira zimabwerera mwakale. Anandiphunzitsa kusiyanitsa: chizindikiro chatsopano, kapena chakale chimene chakula n'kupitirira maola 24 popanda kutentha thupi, chimenecho ndi chothamangira. Koma diso kuzima kapena mkodzo kukana, sindiwerenga maola, ndimanyamuka.

Ma steroid anapulumutsa zimene akanatha kupulumutsa koma analipiritsa. Nkhope inatupa, shuga anakwera, tulo tinathawa, ndinkapsa mtima ndi ana popanda chifukwa. Amafooketsanso mafupa, n'chifukwa chake ndimamwa kashiamu ndi vitamini D, ndipo anandichenjeza kuti kuwawa kwa m'chiuno kapena m'mphechepeche ndisakunyalanyaze. Sasiyidwa mwadzidzidzi, amatsitsidwa pang'onopang'ono. Ndipo panali miyezi imene sindinkafuna kuona munthu, makatani otseka tsiku lonse. Zimenezonso ndi zoti dokotala azimve; nditazinena ndinathandizidwa.

Anthu akandiona ndikuyenda ndi ndodo amati ndachira. Diso lakumanzere limangoona zala zikakhala pafupi. Lakumanja ndi limene ndikulembera izi, ndipo ndimalisamala ngati dzira.

Wodwala lupus amaonedwa ndi madokotala ambiri, wa nyamakazi, wa impso, wa maso, wa khungu, ndipo aliyense amayang'ana gawo lake. Chidikhwidikhwi changa chinali pa pepala la dokotala wina, diso pa la wina, mkodzo pa la winanso. Munthu yekhayo amene anali nazo zonse zitatu ndinali ine, koma sindinkadziwa kuti ndi nkhani imodzi. N'chifukwa chake ndimauza anzanga kuti akafika kuchipatala anene zonse, ngakhale zooneka zosagwirizana, ndipo anene mosachepetsa. "Ndili ndi lupus, miyendo yachita dzanzi kuyambira dzulo, dzanzilo likukwera, ndipo sindikutha kukodza." "Ndili ndi lupus, diso limodzi likupweteka ndikalitembenuza ndipo mitundu yasuluka." Apemphe kuti awagogode mawondo, awabaye kasingano kuyambira kuphazi. Afunse za MRI, ndipo ngati pamalopo palibe, apemphe kalata yowatumiza kumene ilipo tsiku lomwelo. Ngati diso kapena msana zatsimikizika kuti zatupa, afunse ngati magazi a aquaporin-4 ayezedwa. Akapezeka opanda kanthu palinso ena otchedwa MOG. Kufunsa dokotala si mwano. Amene anandithandiza kwambiri ndi amene ankakondwa ndikafunsa.

M'chikwama changa muli pepala lokutidwa ndi pulasitiki. Palembedwa matenda anga awiri, mankhwala onse ndi milingo yake, tsiku limene ndinalandira rituximab komaliza, ndi chiganizo chimodzi chomwe dokotala anasainira: kuti ndikabwera ndi vuto la kuona, kufooka miyendo, kukanika kukodza kapena kusanza kosatha, ndionedwe mwachangu ndipo iye aimbiridwe. Amuna anga ali ndi chithunzi chake mu foni, achemwali anganso. Kapu yofiira ija mwana anaikulira, koma sindinaitaye. Ili pawindo la kukhitchini, ndipo m'mawa uliwonse ndisanatereke madzi ndimatseka diso lakumanzere ndi dzanja n'kuiyang'ana ndi lakumanja.